Kope la Bambo Anga: Ndale m'Maphunziro a ku Pulayimale

Pa msonkhano wathu wina wa Lachinayi teremu yathayi, titatha kusanthula ndakatulo ya mnzathu yonena za ufulu wa dziko lino, mmodzi wa aphunzitsi athu anatifunsa kuti: mwa inu nonse muli m'chipinda muno, ndi angati anamvapo dzina la Dunduzu Chisiza asanalowe sekondale? Manja amene anakwera anali owerengeka, ndipo langa silinali limodzi mwa iwo. Tinaseka pofuna kubisa manyazi, kenaka tinapitirira ndi ndakatulo yotsatira. Koma ine funsolo linandikhala pamtima, ndipo ndinapita nalo kwathu ku Mchesi pa tchuthi.

Bambo anga ndi kalipentala. Amakhoma mipando, mabedi ndi makabati pansi pa chisakasa m'mbali mwa msewu, monga amachitira amisiri ambiri a ku Mchesi. Anabadwa mu 1967, ndipo agogo anasamukira nawo ku Lilongwe ali aang'ono, pa nthawi imene anthu ankakhamukira kumeneko kukafuna ntchito yomanga likulu latsopano, lija linachoka kuno ku Zomba mu 1975. Tsiku lina mayi atandituma kukafuna chiphaso china m'thiranki, ndinapeza pansi penipeni kope lachikuto chofumbira, lodyeka ndi njenjete m'mphepete. Pachikuto panali dzina la bambo, Sitandade 8, chaka cha 1981, ndi maina a maphunziro awiri: History kuyambira kutsogolo, Civics kuyambira kumbuyo. Ndinaliwerenga lonse usiku womwewo, ndipo ndi kope limenelo ndikufuna kulisanthula pano monga timachitira ndi ntchito za anzathu.

Ena mudzati kope la mwana wasukulu si buku loyenera kulitayira nthawi m'magazini ya alembi. Ine ndikuti ndi loyenera kuposa ndakatulo zathu zambiri. Ndakatulo imene timailimbirana Lachinayi imawerengedwa ndi anthu okwana m'chipinda chimodzi, pamene zolembedwa m'kope lotere zinakoperedwa pa bolodi ndi ana m'dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo ambiri a iwo, monga bambo anga, sukulu inathera pomwepo. Mphunzitsi ankatenga m'buku lovomerezedwa ndi unduna, n'kufupikitsa, n'kulemba pa bolodi. Mwana ankakopera n'kuloweza. Tsono kope ndilo buku lenileni m'mene linamufikira mwana. Kwa bambo anga, mbiri ya Malawi imene sukulu inawapatsa ndi masamba awa basi.

1. Mwininkhani mmodzi

Choyamba chimene chimakopa maso ndi kalembedwe ka dzanja. Zilembo n'zoongoka, mitu yonse ndi yodulidwa mzere kunsi ndi rula, ndipo inki yofiira ya mphunzitsi ikuoneka pafupifupi tsamba lililonse. Nkhani ikuyamba ndi kubwera kwa mitundu ya anthu, malonda a akapolo, kufika kwa David Livingstone pa nyanja mu 1859, ulamuliro wa Angerezi mu 1891, kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndi Chitaganya cha 1953. Kufikira pamenepa m'nkhani muli anthu ambiri: mafumu, amishoni, Aluya, abwanamkubwa. Koma pa 6 Julayi 1958, tsiku limene Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka, anthu onse aja akuzimirira, ndipo kuyambira tsamba limenelo mpaka kumapeto ziganizo zili ndi mwininkhani mmodzi. Iye anabwera, iye anaphwanya Chitaganya, iye anatenga ufulu, iye anamanga misewu. Pamene chinthu chinachitidwa ndi munthu wina, chiganizo chikutembenuzidwa kuti wochitayo asaoneke.

Nachi chitsanzo. Kope likuti Kamuzu anaitanidwa kuti adzatsogolere anthu ake. N'zoona anaitanidwa. Koma anamuitana ndani? Anali anyamata a Nyasaland African Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene anamuumiriza ali ku Ghana kuti abwere, poona kuti anthu akumudzi sakanamvera atsogoleri achichepere ngati iwo. Congress imeneyo inayamba mu 1944, Levi Mumba ali pulezidenti wake woyamba, James Sangala ali mmodzi wa oikonza. Kope silikutchula ngakhale mmodzi. Likuti Kamuzu anamangidwa pa 3 Malichi 1959 n'kukatsekeredwa ku Gwelo. N'zoonanso. Koma wowerenga aganiza kuti m'ndendemo anali yekha, pamene Chipembere, Dunduzu Chisiza ndi mkulu wake Yatuta anali naye komweko. Likunena za Malawi Congress Party ngati chipani chake kuyambira pachiyambi, pamene chinakhazikitsidwa mu Sepitembala 1959 iye ali m'ndende, mtsogoleri wake woyamba ali Orton Chirwa, amene anamusiyira mpando atatulutsidwa mu 1960.

Pa za chaka cha 1964 pali mzere umodzi wokha, wonena kuti nduna zina zinagalukira boma ndipo zinathawa. Palibe dzina, palibe chifukwa. Pajatu akulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Chimene chinachitika n'chakuti, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zinatsutsana ndi Kamuzu pa zinthu zodziwika: tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira m'zipatala za boma, malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ubwenzi wake ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, nkhani ya China, ndi khalidwe lake logamula zonse yekha n'kumatcha nduna zake anyamata pamaso pa anthu. Mu Sepitembala anachotsa Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula okha pansi maudindo. Munthu akhoza kunena kuti nduna zinalakwa, kapena kuti Kamuzu ndiye analakwa, koma mwana wa 1981 sanapatsidwe mpata woganiza chilichonse, chifukwa sanauzidwe n'komwe kuti panali mkangano. Ndipo onani chodabwitsa: Chiume anakhala nduna ya maphunziro mu 1961, Chipembere anali nduna ya maphunziro mu 1964. Sukulu zimene iwo anaziyang'anira ndizo zinafufuta maina awo.

Tsono tisafulumire kunena kuti kopeli ndi la mabodza. Masiku ndi zaka zake n'zolondola pafupifupi zonse, ndipo woziloweza akhoza kukhoza nazo mayeso ngakhale lero. Kukondera kwake kuli m'zimene linachotsa. N'chifukwa chake kunali kovuta kukuzindikira. Bodza munthu angaligwire tsiku lina, koma dzina limene sunalimvepo sungadziwe kuti likusowa.

2. Ngodya zinayi

Tikalitembenuza kope n'kuyambira kumbuyo tikupeza Civics, ndipo apa kalembedwe kakusintha. Palibenso nkhani yotsatizana, koma mafunso ndi mayankho, funso limodzi yankho limodzi, monga katekisimu wa ku kalasi ya ubatizo. Pamwamba pa zonse pali ngodya zinayi za chipani: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pakutsatira maudindo a Pulezidenti, maina a nduna za chaka chimenecho, makwerero a chipani kuchokera ku nthambi mpaka ku likulu, ndi ntchito za Apayoniya, za amayi a chipani ndi za achinyamata ake. Pali mndandanda wautali wa zimene nzika yabwino iyenera kuchita: kukhoma msonkho, kugula khadi, kulima mwakhama, kulemekeza atsogoleri. Ndinafunafuna tsamba lonena zimene boma liyenera kuchitira nzika, kapena kumene munthu angapite boma likamulakwira, koma sindinalipeze. Chipani, boma ndi dziko zikutchulidwa mosinthanasinthana ngati chinthu chimodzi, ndipo n'zosadabwitsa, popeza malamulo a 1966 analola chipani chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya.

Pa ngodya zinayizi, yachinayi ndiyo inandiimitsa. M'Chingerezi ngodya imeneyi ndi mau a asilikali, onena za kuchita zimene walamulidwa. M'Chichewa anaimasulira kuti kusunga mwambo, ndipo kumasulira kumeneku kunagwira ntchito yaikulu zedi. Mwambo kwa ife ndi zimene anatisiyira makolo, ndi ulemu umene mwana amalangidwa pakhomo ndi ku chinamwali. Mwana wopanda mwambo ndi chitonzo cha mtundu wonse. Tsono pamene kutsutsa boma kunatchedwa kusowa mwambo, nkhani ya ndale inasanduka nkhani ya makhalidwe, ndipo wofunsa funso anafanana ndi mwana wotukwana amalume ake. Kamuzu mwini ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse, iwo nakhala mbumba yake. Koma amene anakhalapo pa bwalo la milandu kumudzi akudziwa kuti mwambo weniweni suli choncho. Pabwalo mbali zonse ziwiri zimalankhula, mfumu imamva nduna zake isanagamule, ndipo kwa Achewa amayi a mbumba ali ndi mau posankha wolowa ufumu. Mwambo womwewo ndi umene umati mutu umodzi susenza denga. Kope linatenga theka la mwambo lonena za kugwada, n'kusiya theka lonena za kufunsana.

Tisaiwalenso kuti zonsezi zinalembedwa m'Chingerezi, popeza kuyambira Sitandade 5 ana ankaphunzira m'chinenero chimenecho. Bambo anga mpaka lero amatha kulakatula ngodya zinayi zija m'Chingerezi osapumira, uku akupala thabwa. Nditawafunsa kusiyana kwa yachiwiri ndi yachitatu anaseka, nati, “Iwe, ife sitinkafunsidwa zimenezo. Ukangophonya liwu limodzi, chikwapu.” Mau oloweza m'chinenero chimene sulota nacho ndi ovuta kuwatsutsa, chifukwa ulibe mau ena owayankhira.

3. Phunziro la kunja kwa kope

Koma kope silinena zonse. Zina bambo anandiuza pakamwa. Kamuzu akamadutsa mu Lilongwe maphunziro ankaima, ana n'kuyenda pansi kuchokera ku Mchesi, Kawale ndi Biwi kukandanda m'mbali mwa Kamuzu Procession Road kuyambira m'mawa, kudikira magalimoto amene ankadutsa m'kanthawi kochepa. Pokonzekera Sabata ya Achinyamata ankaphunzira perete m'malo mwa masamu. Chithunzi cha Ngwazi chinali mu ofesi ya ahedi, ndipo panalibe kanthu kololedwa kupachikidwa pamwamba pake. M'kalasi mwawo, ali m'makalasi aang'ono, munali mnyamata wa Mboni za Yehova, mpingo umene unaletsedwa mu 1967 ndipo anthu ake ankazunzidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Tsiku lina mnyamatayo sanabwerenso, ndipo palibe anafunsa. Kusafunsa kumeneko ndilo linali phunziro lalikulu, ngakhale silinalembedwe pa bolodi.

Sindikufuna kuimba mlandu mphunzitsi amene inki yake yofiira ili m'kopeli. N'kutheka kuti ankawadziwa bwino a Chipembere ndi anzawo, popeza mu 1981 panali patangopita zaka 17 chichitikire mkangano uja. Koma ankadziwanso kuti mwana amakafotokoza kunyumba zimene wamva, ndi kuti ena mwa makolo anali apampando a nthambi. Kutchula dzina la munthu amene ankatchedwa chigawenga kunali kokwanira kuti ukagone ku Mikuyu popanda mlandu kuzengedwa. Mphunzitsi nayenso anali pansi pa dzanja lomwelo. Msonkhano wa chipani wa 1968 unalamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, kotero kuti mwana wa ku Rumphi anayamba a e i o u m'chinenero cha eni. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chakwawo, powanenera kuti ankakondera ana akwawo. Munthu amene angasamutsidwe ndi mau a pa msonkhano umodzi amaphunzitsa zimene zingamusungire ntchito, zina zonse amazisunga mumtima.

4. Mau a mwini kope

Nditawauza bambo maganizo amenewa sanakondwe. Anaika hamala pansi nati, “Mwanawe, ukunyoza sukulu imene inandiphunzitsa kulemba chonchi? Taona makope a mng'ono wakoyu. Ali Sitandade 6 koma kalata sangailembe. Ife Sitandade 3 tinkawerengera agogo ako makalata ochokera ku Joni. Mphunzitsi sankachedwa, ndipo ukakumana naye pamsewu unkapatuka.”

Mau awa ndi olemera ndipo sindikuwapeputsa. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri osaphunzitsidwa ntchito. Ine ndinaphunzira m'kalasi la ana oposa 100, titakhala pansi, buku limodzi anthu anayi kapena asanu. Komanso zimene kope likunena za misewu, za likulu latsopano ndi za yunivesite ino, imene inatsegula zitseko mu 1965, si nthano ayi. Wosanthula amene akana zimenezi akuchita chomwecho chimene akudzudzula, ndiko kuchotsa theka la nkhani.

Komabe ndinawafunsa kuti, “Nanga bambo, a Orton Chirwa munawadziwa liti?” Anakhala chete pang'ono. Kenaka anati dzinalo analimva pa wailesi mu 1983, pamene a Chirwa ndi akazi awo a Vera anaweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu woukira boma, chilango chimene pambuyo pake chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo iwo anangoti zigawenga zagwidwa. Zoti munthu ameneyu ndiye anali mtsogoleri woyamba wa chipani chimene iwo ankagula khadi lake chaka ndi chaka, anazimva atamwalira kale m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, chaka chija maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi. Bambo anali ndi zaka 25, ndipo patangotha miyezi 8, pa 14 Juni 1993, anafunika kuponya voti posankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Sukulu inawaphunzitsa kulemba mokongola, koma pa chisankho chachikulu koposa m'moyo wawo inawatumiza chimanjamanja, ndipo zimene anafunika kudziwa anachita kutola m'mabasi ndi pamaliro.

5. Mbendera ziwiri

Ndikadalekera pamenepa bwenzi nkhani yanga ili yokoma, yonena kuti kale kunali mdima ndipo lero kwacha. Koma inenso ndili ndi makope anga. Ndinabadwa ulamuliro wa zipani zambiri utakwanitsa zaka pafupifupi 10. Mu 2010, ndili Sitandade 2, boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera. Dzuwa lofiira lija lotuluka pa mzere wakuda linachotsedwa, mzere wofiira unakwera pamwamba, wakuda unatsikira pakati, ndipo pakatipo panaikidwa dzuwa loyera lathunthu. Aphunzitsi athu anatijambulitsa, natiuza kuti tanthauzo lake n'lakuti dziko latukuka, dzuwa latuluka lonse. Tinaloweza, tinakhoza. Mu 2012, Bingu atamwalira ndipo Joyce Banda ali Pulezidenti, Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera yakale. Tinajambulanso, tinauzidwanso tanthauzo ndi mau otsimikiza chimodzimodzi, ndipo amene anaiwala n'kujambula dzuwa loyera analandira mtanda wa inki yofiira. Palibe anatiuza kuti kusintha koyamba kuja zipani zotsutsa ndi anthu ambiri anakukana, ndipo palibe anatiuza chifukwa chake yankho la dzana lasanduka lolakwa lero.

Zoterezi sizinayambe ndi mbendera. Chitatha chisankho cha 1994 nkhope ya Kamuzu inachoka pa ndalama, dzina lake linachoka pa bwalo la ndege la ku Lilongwe ndi pa bwalo la zamasewero la ku Blantyre, ndipo tchuthi cha pa 14 Meyi chinathetsedwa. M'nthawi ya Bingu maina aja anabwerera, tchuthi chinabwerera, ndipo mu 2006 manda ake aulemu anatsegulidwa ku Lilongwe. Pa kusintha kulikonse mphunzitsi ankafufuta pa bolodi n'kulemba yankho latsopano. M'makope anga a Social Studies muli tanthauzo la demokalase la mzere umodzi, mndandanda wa maufulu, ndi maina a apulezidenti ndi zaka zawo. Mulibe mkangano wa 1964. Mulibe Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Mulibe Mikuyu. Demokalase tinailoweza monga bambo analowezera ngodya zinayi, chikwapu chomwecho chili pa tebulo.

Pa zionetsero za pa 20 ndi 21 Julayi 2011, zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20 m'dziko muno, ife ana a ku Mchesi tinamva mfuti ndi makutu athu, ndipo utsi wokhetsa misozi unalowa m'nyumba. Titabwerera ku sukulu panalibe anatchulapo. Ndipo sindidabwa. Chaka chomwecho mu Febuluwale, mkulu wa apolisi anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa pano pa Chirunga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt, ndipo koleji inakhala miyezi yambiri osaphunzira pomenyera ufulu wa m'kalasi. Ngati zinachitikira mphunzitsi wa ku yunivesite amene ali ndi anzake omuimirira, nanga mphunzitsi wa Sitandade 3 ku Chinsapo kapena ku Mgona angayerekeze?

6. Nanga titani?

Mfundo yanga tsono ndi iyi. Kukondera kwa ndale ku pulayimale kumaonekera pa dzina limene likutamandidwa, koma muzu wake uli m'kaphunzitsidwe kamene kamauza mwana kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi, lochokera kumwamba, ndipo ntchito yake ndi kulisunga. Kaphunzitsidwe kameneka sanayambitse Kamuzu. Agogo anga pa sukulu ya mishoni analoweza kuti Livingstone ndiye anatulukira nyanja imene makolo athu ankawedzamo chambo, ndipo anaimbira nyimbo mfumu ya ku Mangalande. Kamuzu anapeza nkhokwe yomangamanga. Anangotsitsa chimanga cha Angerezi n'kuthiramo chake. Mu 1994 tinatsitsanso n'kuthira china, koma nkhokwe sitinaikhudze. Paulo Freire wa ku Brazil anadzudzula maphunziro otere, amene amatenga mwana ngati chosungiramo mau a mphunzitsi. Kwathu kuno chimene chikuwalimbitsa ndi mayeso a Sitandade 8, chifukwa malo m'sekondale zabwino ndi ochepa, ndipo mphunzitsi wofunira ana ake zabwino amawapatsa yankho limene wochonga akulidikira. Chipani cha Congress chinabwerera m'boma mu 2020, n'kutulukanso mu 2025. Aliyense wolowa amaipeza nkhokwe ili chiimire.

Ena adzati ana a zaka 12 ndi aang'ono, nkhani za mikangano ziwasokoneza. Amene akunena zimenezi sanaonepo ana a ku Mchesi akuweruza ngati mpira wachikulunga unadutsa mkati kapena kunja kwa mwala umene uli golo. Amamva mbali zonse, amaitana mboni, amagamula. Nthano za Kalulu zimene timawauza madzulo sizikhala ndi yankho limodzi: Kalulu ndi wochenjera komanso ndi wakuba, ndipo ana amazidziwa zonse ziwiri osasokonezeka. Komanso mmera mpoyamba. Amene sanaloledwe kufunsa ali ndi zaka 12 adzavutika kuyamba ali ndi zaka 25.

Sindikupempha kuti buku lotamanda lilowedwe m'malo ndi buku lotukwana. Ndikupempha a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza silabasi ndi mabuku, ndi ife tomwe amene ambiri tidzakagwira choko tikachoka pano, kuti mwana aziuzidwa kuti akuluakulu anasiyana maganizo, ndi zimene mbali iliyonse inanena. Zipangizo zake zili kale m'thumba la mwana wotumidwa tomato. Pa K100 pali James Sangala, pa K200 pali Rose Chibambo, pa K1000 pali Kamuzu. Mphunzitsi akhoza kuika ndalama zitatuzi pa tebulo n'kufotokoza kuti bambo woyambayu anathandiza kuyambitsa Congress Kamuzu ali kunja. Kuti mayi uyu anamangidwa ndi Angerezi mu 1959 ali ndi khanda, pomenyera ufulu pamodzi ndi Kamuzu. Kuti mu 1964 Kamuzu yemweyo anamuchotsa pa udindo, iye nakakhala ku Zambia zaka pafupifupi 30. Ndi kuti lero onse atatu ali m'chikwama chimodzi. Kenaka afunse ana kuti akuganiza bwanji, ndipo tsiku limenelo inki yofiira ikhale m'thumba.

Ndisanabwerere kuno ndinatenga K200 n'kumufunsa mng'ono wanga uja wa Sitandade 6 kuti mayi ali pamenepa ndani. Dzina analiwerenga bwinobwino. Nditamufunsa kuti anachita chiyani, anati zimenezo sizibwera pa mayeso. Bambo anali pomwepo akukhoma mwendo wa tebulo, ndipo sananene kanthu. Koma m'mawa mwake ndikulongedza anandipatsa kope lija, nati ndikaonetse anzanga koma ndidzabwere nalo. Lili kuchipinda kwanga. Amene akufuna kuliona andipeze, ndipo amene ali ndi kope la makolo ake la ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Thyolo abwere nalo Lachinayi tidzayerekeze, chifukwa n'kutheka kuti ine ndaweruza dziko lonse ndi kope limodzi.